Chitseko cha Nachisale

Tadala mwana wanga,

Ndakhala pano pa mashini anga, pakhonde la shopu, ndipo diresi lomaliza la operekeza mkwati ndalisita kale. Kunyumba sindingapeze mpata wolankhula nawe. Azakhali ako adzaza pabalaza, alangizi a kumpingo akudikira kuti akutsekere m'chipinda, ndipo iwe ukungozungulira foni ili kukhutu. Ndiye ndati ndilembe. Alangiziwo akuuza za kuchipinda, za kukhitchini ndi za kugwadira apongozi, ndipo zimenezo amazidziwa kuposa ine. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene akuuze kuti kuyambira mawa ukhala mkazi wa alandilodi. Nkhani imeneyo ndi yanga, chifukwa ine ndakhala pa lendi kuyambira tsiku limene ndinatsika basi yochokera ku Dedza mpaka lero.

Ndisazungulire. Ndikudziwa zimene zakonzedwa pa poloti ya ku Area 25. Asewere anga a NyaGondwe akubwerera kwawo ku Rumphi ukwati ukatha, ndipo poloti yonse akusiyira iwe ndi amuna ako a Wongani. M'nyumba yaikulu muli Nachisale ndi ana ake atatu, pa lendi. A Wongani amagona ku kanyumba kakumbuyo ka zipinda ziwiri, ndipo akuchita manyazi kulowetsamo mkwati wa digiri. Tsiku lija komiti ya ukwati inakumana kwathu, ine ndinali kuseri kutsuka makapu, ndipo ndinamva msuweni wawo wandevu uja akunena kuti, "Ase, osavutika ndi zamanotisi. Mwezi ukangotha uzule chitseko, uwauze kuti chikukapentedwa. Atuluka okha amenewo." A Wongani anaseka. Iwe sunaseke, ndinakuona pawindo, koma sunanenenso kanthu. Kukhala chete kwakoko ndi kumene kwandigwiritsa cholembera lero.

Mwina sukudziwa kuti Nachisale anabwera kuno ku Biwi. Anagula nsalu ya ukwati wako, nakwera maminibasi awiri chifukwa anamva kuti mayi wa mkwati ndi telala. Ndikumuyeza anandiuza kuti, "Mayi, m'chiunomu mutayeko pang'ono, ndikufuna ndikavine bwinobwino. Mkwatiyu ndi neba wanga watsopano, tizidzabwerekana mchere." Anandiuzanso kuti wafesa mpiru kuseri kwa nyumba, kuti mwana wake wamkulu akulemba Fomu 4 chaka chino pa sukulu ya pafupi pomwepo, ndi kuti mwamuna wake amayendetsa thiraki za kunja, amabwera mwa apo ndi apo. Ndinayamika Mulungu kuti pakamwa panga panali mapini, chifukwa sindikudziwa kuti ndikanayankha chiyani. Mayi ameneyu sadziwa kanthu, Tadala. Mawa adzakhala m'holo, adzakuvinira pa perekaniperekani ndi mtima wake wonse.

Ndinawafunsa asewere anga ngati anamuuza. Anandiyankha mwaulemu wawo uja kuti, "Aa, ndinawauza kalekale kuti ana akukula, adzafuna malo. Munthu wamkulu amamva." Ndimawalemekeza amayi amenewa, anakulerera mwamuna wabwino. Koma mawu akuti ana akukula si notisi. Ana a aliyense akukula.

Iwe sungakumbuke za ku Mgona, unali wa kumsana. Ine ndi malemu bambo ako tinkakhala m'chipinda chimodzi pa mdadada wa a Kamwendo, ndipo lendi sitinkachedwa nayo. Tsiku lina m'mawa bambo ako atapita ku ntchito yawo yomanga, a Kamwendo anandipatsa moni bwinobwino, nakuseweretsa iwe tsaya. Ndinapita kokatunga madzi. Pobwera ndinapeza pakhomo pali pululu, chitseko chathu chili pa wilibala. "Chadyedwa ndi chiswe, mayi, tikachikonze," anatero. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinatula ndowa, ndinagwada, ndinati zikomo bambo. Ndinali mwana wa kumudzi, ndinkaganiza kuti munthu wamkulu akanena kuti akukonza ndiye kuti akukonzadi. Ndinapachika chitenje pakhomopo kudikira chitseko chimene sichinabwerenso.

Anthu amaganiza kuti nyumba yopanda chitseko vuto lake ndi akuba basi. Akuba ndi nkhani yaing'ono. Sungapite kumsika chifukwa palibe wokuyang'anira katundu. Sungavule. Nkhuku za aneba zimalowa, agalu amalowa, ndipo wodutsa aliyense amasuzumira n'kuona mphasa yako ndi mapoto ako awiri. Ana a pamdadada ankaimba nyimbo yotiseka. Inali nyengo yozizira, mphepo ya fumbi ija inkangokankha chitenje n'kulowa, ndipo iwe unayamba kutsokomola. Pofika kuchipatala anati ndi chibayo. Ndinakhala pambali pa bedi lako ndikuyang'ana nthiti zako zikukwera ndi kutsika, ndipo ndinadana ndi munthu koyamba m'moyo wanga. Bambo ako anasamutsa katundu okha ife tili m'chipatala, n'kukalowa m'chipinda choyamba chimene anapeza, cha pafupi ndi dzala. Pambuyo pake tinamva kuti mwana wa a Kamwendo ankabwera kuchokera ku Joni ndi mkazi, ndiye ankafuna malo. Nkhani yonse inali imeneyo. Akanatiuza, tikanafuna nyumba modekha n'kutsanzikana bwino.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuganiza za bambo amene uja, ndipo chidani chinatha, chinatsala ndi chimene ndinaphunzira. A Kamwendo sanali chilombo. Pa maliro ankafika oyamba. Vuto lawo linali manyazi, ndipo ndi vuto la tonsefe. Ife kunena kuti "tulukani m'nyumba mwanga" munthu tikumuyang'ana m'maso timaona ngati mwano waukulu. Ndiye timatuma chitseko kuti chikatinenere. Wina amakhoma loko kuchimbudzi, wina amadula waya wa magetsi, wina amasasula malata mitambo itayamba kuda n'kumati denga likudontha. Pakamwa timakhala aulemu kwambiri, nkhanza timachita ndi manja. Usadzakhale waulemu wa mtundu umenewo, mwana wanga. Ngati nyumba ukuifuna, pita ukanene ndi pakamwa pako.

Za ku Chinsapo ukuzikumbukako, pamene panali mtengo wa mapeyala paja. Nyumba ija tinaipeza ili ya dothi pansi, mawindo otseka ndi makatoni. Bambo ako, poti anali mmisiri, manja ankawayabwa. Loweruka lililonse ankabwera ndi kasimenti kotsala kuntchito, mpaka anawaka pansi, anapulasitala zipupa, anaika magalasi. Ine ndinkanyadira, ndinkakolopa katatu pa tsiku kuti aneba aone. Sitinaganizeko zoyamba takhala pansi ndi mwini nyumba kuti tigwirizane. Amayi eni nyumbawo atabwera kudzatenga lendi anaima pakhomo, anayang'ana uku ndi uku, nati, "Koma nyumba yangayi ndi yabwino eti." Mwezi wotsatira lendi inakwera. Tinapirira. Inakweranso. Bambo ako atadandaula kuti zonsezi akonza ndi iwo, anawayankha kuti, "Ndinakutumani ine?" Tinatuluka, ndipo analowamo anthu olipira bwino, amene anapondapo simenti ya bambo ako.

Ndikukuuza zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti ukakana zachitseko, wina adzabwera ndi nzeru yachiwiri, yoti mungomukwezera lendi mpaka athawe yekha. Ine sindinamvepo kuti boma linaika malire a mtengo wa lendi m'makomboni athu muno. Mwini nyumba amatchula mtengo umene wafuna, ndipo zinthu zikakwera kumsika nayenso ayenera kukweza, ndimamvetsa. Koma kukweza chifukwa simenti yadula ndi kwina, kukweza kuti munthu alephere ndi kwinanso, ndipo wa lendi amadziwa kusiyanitsa ngakhale asanene. Ukadzafuna kukweza, uzimuuza munthu nthawi ikadalipo, adziwe mwezi umene mtengo watsopano uyambe, kuti akaona kuti sakwanitsa ayambe kufunafuna kwina. Ndipo wa lendi akadzapempha kukonza kanthu pa nyumba yako, muzigwirizaniratu ngati zidzachotsedwa pa lendi kapena ayi. Osadzamusiya akhetse thukuta iwe ukuonerera, kenako n'kumulipiritsa thukuta lake lomwe.

Lamulo ndinalidziwa mochedwa, ku Kawale, bambo ako atamwalira. Unali ku sekondale yogonera konko, ndipo zambiri ndinakubisira. Maliro atatha ndinatsalira pa lendi, zimenezo sindikana. Ndinapita kumudzi kukatula zovala za malemu, ndipo pobwera ndinapeza loko wachilendo pamwamba pa loko wanga. Mashini anga osokera anali m'katimo. Ndinapita kwa alandilodi kukapempha kuti anditulutsire mashini okhawo, ndisoke ndiwalipire. Anati mashiniwo ndiye chikole. Ndinakhala masiku ndikugona kwa mnzanga, ndikupita m'mawa uliwonse kukagwada pakhomo pawo, poganiza kuti poti ndine wolakwa ndilibe pokadandaula. Apa ndi pamene ndinapusa kwambiri. Mayi wina wa kumpingo ndiye anandikoka dzanja kupita nane kukhoti, poti ine ndinkaganiza kuti kumeneko amapitako akuba okha.

Kumeneko anatikhazika pansi n'kutifotokozera, ndipo ndikukuuza monga ndinamvera ndi mutu wanga wa Sitandade 8. Anati ngongole ndi ngongole, ndiyenera kulipira, koma mwini nyumba alibe mphamvu yodziweruzira yekha mlandu. Akafuna nyumba yake amayenera kupereka notisi yomveka, yokhala ndi tsiku, ndipo kwa ife olipira pamwezi isachepere mwezi wathunthu. Munthu akakana kutuluka notisi itatha, mwini nyumba amapita kukhoti, ndipo khoti likagamula, amene amadzatulutsa katundu ndi anthu otumidwa ndi khotilo, osati achibale ndi anyamata a ganyu. Zokhoma loko, zozula chitseko, zolanda katundu, anati zimenezo zingathe kumutembenukira mwini nyumbayo kukhala woyankha mlandu. Alandilodi anga ataitanidwa anafika atavala jekete, ndipo mawu awo anali ofewa zedi. Loko anachotsa tsiku lomwelo. Ine ndinasoka mayunifolomu a sukulu mpaka msana kuuma, ndinawalipira zonse, ndinatuluka pa tsiku limene tinagwirizana.

Ndiye uwauze a Wongani kuti nzeru ya msuweni wawoyo si nkhanza chabe, ndi yoika munthu m'mavuto. Nachisale si ine wa ku Mgona uja wogwada n'kuthokoza. Masiku ano aliyense ali ndi foni, ndipo mwana wa Fomu 4 amadziwa kujambula. A Wongani ali pa ntchito yabwino. Aganize kuti dzina lawo likamveke kuti anasiya mayi ndi ana atatu m'nyumba yopanda chitseko mwamuna wake ali pa ulendo, patangopita masabata ochepa atalumbira pamaso pa abusa. Msuweniyo tsiku limenelo foni yake idzakhala yozima.

Usaganize kuti ndikunena kuti a lendi tonse ndife angelo. Ndakhala nawo pa midadada, ndikuwadziwa anzanga. Alipo othyola mipope, alipo osasesa kuchimbudzi tsiku lawo likafika, alipo obweretsa mudzi wonse m'chipinda chimodzi, alipo osamuka mwakachetechete osatsanzika n'kusiya makoma akuda ndi utsi. Udzakumana nawo ndipo adzakupsetsa mtima mpaka udzalakalaka wilibala ya a Kamwendo. Ukadzafika pamenepo udzakumbukire kuti njira ndi yomweija, kulankhula, notisi, kenako khoti. Ndi yochedwa, ndi yotopetsa, koma ukamaliza umagona tulo. Komanso kuyambira pano aliyense wolowa pa poloti yanu muzilemberana pa tsiku loyamba, za mtengo, za tsiku lolipira, za mayunitsi ndi madzi, za notisi. Anthu amati kulemberana ndi kusakhulupirirana. Ine ndaona maubale ambiri akutha chifukwa aliyense ankakumbukira zake.

Koma Nachisale sanathyole mpope. Sanachedwepo ndi lendi, asewere anga avomereza okha. Cholakwa chake ndi chakuti akukhala m'nyumba imene inu mwaisirira.

Ndinaonapo mwini nyumba mmodzi akuchita bwino, ku Chipasula, ndipo mpaka lero ndikakumana nawo kumsika timakumbatirana. Anabwera masana, anapempha mpando, anamwa madzi anga. Kenako anati, "Amake Tadala, ndabwera ndi nkhani yowawa. Nyumbayi ndikuifuna, mchemwali wanga ukwati wamuthera. Koma mwana wanu ali pakati pa teremu. Tiuzane tsiku loti nonse mukhoza." Zinandiwawa, ndinalira atapita, chifukwa kusamuka sikuzoloweleka. Koma ndinalira m'nyumba yotseka, ndipo ndinali ndi nthawi yoyenda m'makomboni kufunsa, mpaka ndinapeza kuno ku Biwi kumene tili mpaka lero. Amayi aja sanataye kanthu. Anangopirira manyazi a kanthawi kochepa pa mpando wanga.

Ndikupempha kuti uchite chomwecho. Usayambe nkhaniyi mawa, mawa ndi tsiku lovina. Usaiyambenso pali msuweni uja kapena apongozi ako, chifukwa mwamuna pamaso pa abale ake amaumirira ngakhale zimene sakuzifuna. Dikira mutsale awiri, uwauze a Wongani kuti iwe nyumba yolowa mwa njira imeneyo sukuifuna. Ngati mawu akusowa, uwauze za chibayo chako. Kenako mupite limodzi kwa Nachisale, masana, mwamuna wake akakhalapo ndi bwino koposa. Mukanene zoona, kuti nyumba mukuifuna inuyo, osanamizira penti kapena chiswe. Tsiku lotuluka likhale mwana uja atamaliza mayeso, ndipo mulembe mapepala awiri, lina lake lina lanu, pali munthu wamkulu wa m'deralo ngati mboni. Adzakhumudwa, mwina adzasiya kukupatsa moni kwa kanthawi, ndipo mchere uja sadzakubwereka. Zimenezo upirire, ndi mtengo wa kukhala mwini poloti.

Ndikudziwa chimene chikukuvuta, ndine mayi ako. Anzako a kuntchito adzafuna kudzaona kumene walowa, ndipo ukuona manyazi kuwalandirira m'kanyumba kakumbuyo, moyang'anizana ndi chingwe choyanikapo zovala. Sofa imene akugulira azakhali ako singalowe pakhomo paja, firiji nayo ilibe poima. Sofayo ibwere kwathu, ndidzaifunditsa nsalu, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzalola aliyense kukhalapo kupatula ine ndikatopa. Miyezi yochepa m'zipinda ziwiri siinaphepo mkwati. Anthu ongokwatirana kumene malo ambiri amatani nawo? Mukakangana m'nyumba yaikulu wina amathawira kuchipinda china, koma m'kanyumba kotero mudzagundana mapewa mpaka wina aseke.

Kwathu ku Dedza mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, ndipo ukanakwatiwa kumeneko ndikanangokuitanira kuseri n'kukukoka khutu. Koma wasankha a kumpoto, ukupita pa poloti ya eni ake, ndipo mawu anga kumeneko ndi a mlendo. Ako ndiye adzakhala ndi malo. Mkazi amayamba kudziwika pa nkhani yoyamba imene wavomera kapena kukana, ndipo ukakhala chete pa iyi adzazolowera kukonza zinthu iwe uli pomwepo ngati kabati. Sindikukayika kuti a Wongani adzamva, ndawaona mmene amanyamulira ana a eni kutchalitchi. Kuseka kuja ndikuganiza kunali kwa manyazi pamaso pa msuweni. Koma ngati ndalakwitsa, ndi bwino udziwe msanga munthu amene wakwatiwa naye.

Tsono umve chimene ine ndakonza, kuti usadzati sindinakuuze. Kuyambira mawa chipinda chako chikhala chopanda munthu. Ndapita kale kwa alandilodi anga kukawafunsa ngati ndingasunge alendo kwa miyezi ingapo, ndipo anati palibe vuto bola mayunitsi tizisonkha. Nambala ya Nachisale ndili nayo, anandisiyira pa nkhani ya diresi. Ndikadzangomva kuti chitseko chija chazulidwa, sindidzabwera kudzakangana ndi apongozi anga a Wongani, sindinaleredwe choncho. Ndidzachita hayala galimoto, ndidzapita ku Area 25 masana dzuwa likuswa mtengo, ndidzatenga mayi ameneyo ndi ana ake ndi mapoto ake kubwera nawo kuno. Mtsikana wa Fomu 4 adzawerengera pa tebulo lako, adzagona pa bedi lako. Ndipo iwe ukadzabwera Lamulungu kudzandiona, wokutsekulira chitseko adzakhala Nachisale.

Sindikufuna zifike pamenepo, mwana wanga. Ndikufuna ndidzalowe m'nyumba yako yaikulu mutu uli m'mwamba, pa nthawi yake. Ndakulera ndekha zaka zambiri, ndikukudziwa kuti mtima wako ndi wofewa kuposa pakamwa pako, ndipo mawa ndikakuona mu velo ndidzalira ndithu, usadzandiletse. Mulungu akutsogolere kumene ukupitako. Mukamavina mawa ndipo Nachisale akafika kutsogolo ndi diresi lake lotaya m'chiuno, umuyang'ane kumaso.

Ndine mayi ako,
Nabanda